Sonia Belmont ndi mayina amene tikufuna kuwafufuta



Sabata ino mutilole tiyambire kutali, ku gemu yakale ya ku Japan imene ambiri mwa inu simunaimvepo, ndipo ngakhale amene anaisewera sanaikonde kwenikweni. Makolo musade nkhawa, sitinasiye Mthenga Wabwino n'kuyamba kulalikira za zidole. Tifika kwa Mateyo Woyera, ndipo tifikanso pa nkhani imene yatisowetsa mtendere m'komiti yathu kwa masabata atatu tsopano. Kungoti njira yake yadzera pa kachipangizo kotchedwa Game Boy.

Kampani ya Nintendo inatulutsa Game Boy m'chaka cha 1989. Kanali kachipangizo kogwira m'manja, kodya mabatire anayi, ndipo galasi lake laling'onolo silinkaonetsa mitundu, koma mithunzi inayi yokha yobiriwira ngati madzi a pachithaphwi. Magemu ake ankabwera m'timakaseti tolowetsa kumsana kwake. Ena mwa iwo anali a mtundu wa Castlevania, umene kampani ya Konami inauyamba mu 1986. Nkhani yake imakhala pafupifupi imodzimodzi: Dracula wadzuka m'linga lake ku Transylvania, ndipo mmodzi wa m'banja la Belmont watenga chikwapu cha makolo ake kuti akamugonjetse. Wosewera amayendetsa kamunthuko, kudumpha maenje, kukwera zingwe, kukwapula adani ndi kuswa makandulo amene mumagwa timitima topatsa mphamvu. Gemu iliyonse ili ndi chaka chake ndi Belmont wake, kotero kuti pang'ono ndi pang'ono panamangika mndandanda wa makolo ndi zidzukulu, monga mmene agogo amawerengera mbumba yawo.

Tinene msanga, chifukwa tikudziwa kumene maganizo a ena athamangira. Dracula ameneyu ndi wa m'nthano, wochokera m'buku la Bram Stoker limene linatuluka mu 1897. Sakugwirizana m'pang'ono pomwe ndi mphekesera za anamapopa zimene zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mu 2017. Nthano imene aliyense akudziwa kuti ndi nthano siinaphepo munthu. Zimene zinapha ndi mphekesera.

Pa Game Boy yoyamba ija panatuluka magemu atatu a Castlevania. Yoyamba, Castlevania: The Adventure ya 1989, inali yolemera miyendo. Christopher Belmont ankayenda ngati munthu woponda m'matope a mu Januwale, koma poti inali yoyamba anthu anaikhululukira. Yachiwiri, Belmont's Revenge ya 1991, inakonza zambiri zimene zinalakwika. Wosewera ankasankha yekha linga loyambira mwa malinga anayi, nkhani yake inali ya bambo wofuna kupulumutsa mwana wake amene Dracula anamusokoneza mutu, ndipo pa nkhondo ya bambo ndi mwanayo pankalira nyimbo ya Johann Sebastian Bach, katswiri uja wa nyimbo za m'tchalitchi. Mpaka lero imawerengedwa pakati pa magemu abwino kwambiri a kachipangizo kameneka.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mu Novembala 1997 ku Japan, ndi mu Malichi 1998 ku America, inatuluka yachitatu, Castlevania Legends, yokonzedwa ndi nthambi ya Konami ya ku Nagoya. Inabadwa pa nthawi yoipa. Game Boy inali itakalamba, ndipo mu Malichi 1997 kampani yomweyo inali itatulutsa Symphony of the Night pa PlayStation, gemu imene ambiri amaitcha yopambana zonse za mtundu umenewu. Amene munaphunzirapo pa sukulu imene mkulu wanu ankakhala nambala wani mukudziwa mmene aphunzitsi amakuyang'anirani tsiku loyamba.

Koma tisaiikire kumbuyo mopanda chilungamo. Tinaisewera tokha masana ena Lamulungu, pa chipangizo cha mchimwene wa mnzathu wina, ndipo zimene anthu amadandaula ndi zoona. Njira zake ndi zazitali ndi zopanda kanthu, munthu amangoyenda ndi kukwapula mileme yomweyomweyo. Zithunzi zake n'zosauka kuposa za mkulu wake wa 1991, ngakhale kuti okonza anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi zophunzirira. Makandulo ena ndi misampha: ukawaswa umagwera m'chipinda chodzaza adani, chinthu chimene chimadabwitsa ulendo woyamba n'kutopetsa ulendo wachitatu. Choipitsitsa n'chakuti wosewera anapatsidwa mphamvu zimene zimapha kukoma kwa gemuyo. Ukadina mabatani awiri pamodzi umalowa mu Burning Mode, pamene kwa kanthawi palibe chimene chingakuvulaze, ndipo ndi imeneyo ungagwetse chimdani chachikulu cha kumapeto kwa gawo osaphunzira n'komwe kamenyedwe kake. Palinso mphamvu ina yobwezeretsa moyo wako wonse. Zabwino ziliponso, kamunthu kake kamatha kukhota kali m'malere ndi kukwawa, zimene akulu ake sankatha, koma zimenezi sizikwanira. Tinaimaliza dzuwa lisanalowe, ndipo palibe amene anapempha kuti tibwerezenso.

Chinthu chimodzi chinatiseketsa, kenaka chinatikhalitsa chete. M'magemu ena a Castlevania mtanda ndi madzi odalitsidwa ndi zida zolimbana nazo ndi mdani. Mu Legends zinthu zimenezi, pamodzi ndi nkhwangwa, mpeni ndi wotchi, zinabisidwa m'magawo osiyanasiyana, ndipo ukazipeza sungazigwiritse ntchito. Umangozisunga. Mnzathu wina anayang'ana korona imene inali m'khosi mwake n'kunena kuti gemuyi ikumunena iyeyo. Imeneyo ndi nkhani ya sabata ina.

Zinthu zisanuzo zili ndi ntchito imodzi yokha, ndiyo kutsegula mathero enieni a nkhani. Legends inaikidwa m'chaka cha 1450, ndipo ngwazi yake ndi mtsikana, Sonia Belmont, amene gemuyo inamuonetsa ngati woyamba wa banja lonse kulimbana ndi Dracula. M'njira amakumana ndi Alucard, mwana wa Dracula amene anakana njira za bambo ake, ndipo zimaoneka kuti awiriwa amakondana. Ukatolera zonse zisanu, pamapeto umaona Sonia atanyamula khanda. Gemuyo siitchula bambo wa mwanayo, koma imalozera poyera kwa Alucard, ndipo osewera anamva kuti khandalo ndi Trevor Belmont, ngwazi ya gemu ina yakale imene nkhani yake ndi ya 1476. Tanthauzo lake ndi lalikulu: banja lonse la ngwazi zopatulika lija linayamba ndi mayi amene sitinaone ukwati wake, ndipo m'mitsempha mwawo mukuyenda magazi a mdani wawo.

Zimene zinatsatira ndizo zatichititsa kulemba. Udindo woyang'anira magemu a Castlevania utafika m'manja mwa a Koji Igarashi, mmodzi wa amene anakonza Symphony of the Night, mu 2002 panatuluka mndandanda wovomerezeka wa mbiri ya banja la Belmont. Magemu anayi sanalimo, ndipo Legends inali imodzi mwa iwo. Chifukwa chimene chinaperekedwa pa Legends n'chakuti nkhani yake inkasemphana ndi za magemu ena. Mu 2003 inatuluka Lament of Innocence, yoikidwa m'chaka cha 1094, imene inapatsa banjali kholo latsopano, Leon Belmont, msilikali wolemekezeka. Mpando wa Sonia unakhalidwa ndi wina. Gemu ina imene anayenera kuonekamo, Castlevania: Resurrection ya pa Dreamcast, inali itaimitsidwa kale mu 2000 isanamalizidwe. Mu 2006, pokumbukira zaka 20 za Castlevania, ku America kunatuluka chikalata cha mbiri chimene chinabwezeretsa magemu atatu aja. Wachinayi, wa Sonia, anatsala panja. Mu 2019 Konami inasonkhanitsa magemu akale m'mtolo umodzi, Castlevania Anniversary Collection. The Adventure, yolemera miyendo ija, inalowa. Belmont's Revenge inalowa. Legends ayi.

Sitikuwaimba mlandu a Igarashi. Nthano ili ndi eni ake, ndipo mwini munda ndiye amadziwa chimene ati azule. Sonia si munthu, sanalire, sanasowe tulo. Koma tamvani mawu amene okonda magemu amagwiritsa ntchito pa nkhani yotere. Amati Legends si ya mu kanoni. Mawu amenewa anawabwereka kwa ife. Kanoni ndi liwu lochokera ku Chigriki, lotanthauza bango loyezera, ndipo Eklezia analigwiritsa ntchito potchula mndandanda wa mabuku a Malembo Oyera ndi malamulo ake. Choncho funso lakuti ndani alowe m'buku ndipo ndani atsale ndi funso la kwathu kuno. Ndipo latipeza.

Monga mukudziwa, gulu lathu la achinyamata likukonza kabuku ka mbiri yake, ka zithunzi ndi mayina a onse amene anatumikirapo m'maudindo kuyambira pachiyambi. Tinkayesa ntchito yopepuka, kungokopera m'mabuku akale a mlembi. Titafika pa zaka zina, cholembera chinaima. Pali mlongo wathu amene anatsogolera kwaya kwa zaka zitatu. Ndiye anaphunzitsa ambiri mwa ife kuimba salimo osathamanga, ndiye ankafika woyamba kudzasesa malo ophunzirira nyimbo. Anatenga pathupi asanamange ukwati, anasiya kwaya, ndipo patapita miyezi anasiyanso kuoneka pa Misa. Pali wina amene nkhani yake ndi yofanana. Pali mnyamata amene anali msungichuma, ndipo ndalama za ulendo wina sizinaonekenso. Pali amene anapita ku mpingo wina. Maganizo anabwera, ochokera kwa anthu abwino ndi okonda gululi, akuti mayina amenewa tiwasiye, m'malo mwawo tilembe achiwiri awo, chifukwa kabukuka kadzawerengedwa ndi ana a Tilitonse ndipo kayenera kuwaonetsa zitsanzo zabwino.

Ena mwa ife amene tikulemba pano tinavomera tsiku loyamba. Tikunena poyera kuti pasakhale woganiza kuti tikuloza anzathu chala. Chimene chinatibweza ndi pamene tinayang'anitsitsa mndandanda wa ofufutidwawo n'kuona kuti mnyamata amene anapereka pathupi paja mulibemo. Dzina lake lili pa tsamba lina, pansi pa udindo wake, ndipo palibe amene anaganizapo zolikhudza.

Apa ndi pamene Mateyo Woyera akulowa. Mthenga wake Wabwino umayamba ndi mndandanda wa makolo a Ambuye Yesu, mavesi 17 a mayina okhaokha. Timaumva pa 17 Disembala, ndiponso pa Misa ya madzulo a tsiku lotsogolera Khrisimasi ngati wansembe sanasankhe kuwerenga mwachidule. Tivomereze kuti ambiri timagona nawo, ndipo owerenga amachita nawo mantha chifukwa cha mayina opotola lilime. Koma mndandanda umenewu ndi wolimba mtima kuposa kabuku kalikonse kamene komiti yathu ingalembe. Pa nthawi imene mibadwo inkawerengedwa potsata abambo, Mateyo analowetsamo amayi anayi asanafike kwa Amayi Maria. Sanasankhe Sara, Rebeka kapena Leya, amene aliyense akanawalandira ndi manja awiri. Anasankha Tamara, Rahabu, Rute ndi mkazi wa Uriya.

Tsegulani Genesis mutu 38 muwerenge nokha za Tamara, chifukwa nkhani yake siimveka kawirikawiri pa guwa. Anali mkamwini wamkazi m'nyumba ya Yuda, mpongozi amene amuna ake awiri, ana a Yuda, anamwalira motsatizana. Mwa mwambo wa nthawiyo anayenera kupatsidwa mwana wachitatu, koma Yuda anamubweza kwawo ndi lonjezo limene sanafune kulisunga. Tamara anadzibisa nkhope, anakhala m'mbali mwa njira, ndipo Yuda anagona naye osamuzindikira, n'kumusiyira chidindo, chingwe chake ndi ndodo ngati chikole. Patapita miyezi itatu Yuda anamva kuti mpongozi wake ali ndi pathupi. Chigamulo chake chinali chachangu: atulutsidwe, atenthedwe. Tamara anangotumiza zinthu zitatu zija kuti mwini wake azizindikire. Yuda anavomera pamaso pa anthu kuti wolakwa kwambiri ndi iyeyo. Mmodzi mwa mapasa amene anabadwa, Perezi, ndiye kholo la Davide, ndiponso la Ambuye athu.

Taonani kuti woweruza ndi mwini pathupi anali munthu mmodzi. Taonaninso kuti amene analemba Genesis anali zidzukulu za banja lomwelo, ndipo akanatha kusiya mutu wonsewo. Sanausiye.

Rahabu anali mkazi wadama wa ku Yeriko, wa mtundu wa adani. Rute anali Mmowabu, mtundu umene lamulo la Mose linkauletsa kulowa mu msonkhano wa Chauta. Magazi a mdani aja amene anavuta m'banja la Belmont, Mateyo akuwaonetsa poyera m'banja la Mpulumutsi. Pa mayi wachinayi anachita china chodabwitsa. Sanamutchule Bateseba, koma anamutcha mkazi wa Uriya, ndipo potero analowetsa mu mndandanda dzina la munthu amene mfumu Davide anamuphetsa ku nkhondo kuti abise tchimo lake. Dzina limene mfumu inafuna kuti liiwalike ndilo timaliwerenga chaka ndi chaka pa guwa. Kumbali ya abambo muli Ahazi, muli Manase amene analamulira zaka 55, anapereka mwana wake nsembe pamoto ndi kukhetsa magazi ambiri osalakwa mu Yerusalemu. Akulu athu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mateyo sanawatalikitse miyendo makolo a Yesu.

Mnzathu wina wa m'komiti, amene amawerenga Buku Loyera kuposa tonsefe, anatitsutsa pamenepa, ndipo anatitsutsa bwino. Anati Mateyo yemweyo anasiya mayina. Ndi zoona. Pakati pa Yoramu ndi Uziya anadumpha mafumu atatu, Ahaziya, Yowasi ndi Amaziya, amene mungawapeze mu 1 Mbiri mutu 3, ndipo potero mndandanda wake unagawika bwino m'magulu atatu a mibadwo 14. Anawonjezanso kuti Eklezia nayenso amadulira. Mu 1969, nthawi ya Papa Paulo VI, kalendala ya oyera inakonzedwanso, ndipo masiku a oyera ena okondedwa, monga Kristofa Woyera amene madalaivala amamupachika m'galimoto, anachotsedwa pa kalendala ya Eklezia yense. Nanga ife tikasankha tikulakwa chiyani?

Yankho lathu ndi ili. Aliyense wolemba mbiri amasankha, chifukwa pepala limatha. Koma muyang'ane muyeso umene akusankhira. Mateyo akanakhala kuti akutsuka banja, akanayamba ndi Manase. Anasiya mafumu atatu amene mbiri yawo yonse inalipo kale m'mabuku a Mafumu ndi a Mbiri, oti aliyense akhoza kukaiwerenga, ndipo anawonjeza amayi amene palibe akanamufunsa atawasiya. Kristofa Woyera naye sanafufutidwe, dzina lake likadali m'buku la Eklezia la oyera pa 25 Julaye. Kabuku kathu n'kosiyana. Ndi kokhako kamene kadzakhalepo. Mabuku a mlembi akudyedwa ndi chiswe, ndipo pakatha zaka khumi amene si wa m'kabukuka adzakhala ngati sanakhaleko. Komanso maganizo aja sanali ongosiya dzina chifukwa cha kuchepa kwa malo. Anali olemba munthu wina pa udindo umene sanaugwire. Kumeneko n'kunama, ndipo bodza silisanduka choona chifukwa choti tawanamizira ana kuti akule bwino.

Pali buku lina pa parishi pano limene tonse tinalembedwamo, ngakhale ambiri sitinalionepo. Ndi kaundula wa ubatizo, amene amasungidwa ku ofesi ya Bambo Mfumu. Msonkhano wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti maparishi azisunga makaundula otere, ndipo lero lamulo lake lili pa kanoni 535. Kaundulayu ali ndi khalidwe lake. Munthu akalimbitsidwa, akamanga ukwati, akadzozedwa kapena akachita malumbiro a moyo wonse m'chipani, zimalembedwa m'mbali mwa dzina lake. Amawonjezera, safufuta. M'maiko ena a ku Ulaya anthu amene anasiya Eklezia akhala akupempha kuti mayina awo achotsedwe m'makaundula. Mu Epulo 2025 ofesi ya ku Vatican yomasulira malamulo a Eklezia inayankha kuti zimenezo sizingatheke. Inafotokoza kuti kaundula si mndandanda wa mamembala okhulupirika, koma umboni wa chinthu chimene chinachitikadi. Munthu ali ndi ufulu wochoka, ndipo kuchoka kwakeko kukhoza kulembedwa m'mbali, koma tsiku limene madzi anathiridwa pamutu pake silingasanduke tsiku limene silinakhaleko. Katekisimu imaphunzitsa kuti ubatizo umasiya chizindikiro chosafafanizika, chimene tchimo lililonse silingachichotse, ngakhale lingalepheretse zipatso zake.

Tiganizire bwino pamenepa. Eklezia akukana kufufuta dzina la munthu amene akupempha yekha kuti afufutidwe. Ife tinatsala pang'ono kufufuta anthu amene sanatipemphe, sitinawafunse, ndipo ena mwa iwo ana awo akubwera ku Tilitonse komweko. Mwana wa mlongo wathu uja akatsegula kabukuka adzaona amayi ake a anzake, a iyeyo ayi, pamene aliyense wamkulu pa parishi pano akudziwa amene ankaima kutsogolo kwa kwaya zaka zimenezo. Chitsanzo chimene adzatolepo ndi chotani?

Sitikunena kuti tchimo si tchimo. Sitikutsutsa Bambo Mfumu ndi akuluakulu a mphakati akamauza munthu kuti ayambe waima pa udindo kufikira zinthu zitakonzeka. Kuimitsa munthu ndi mankhwala, ndipo mankhwala amapatsidwa kwa amene tikufuna kuti achire abwerere. Kufufuta n'kumuika m'manda ali moyo. Chimene tikupempha n'chakuti mankhwalawo akhale amodzi kwa mtsikana ndi kwa mnyamata. Pathupi pamaoneka, ndipo chifukwa chakuti pamaoneka takhala tikulanga amene wanyamula umboni n'kumasiya amene wasiya chidindo ndi ndodo. Tikudziwanso, ngakhale sitikonda kunena mokweza, uthenga umene mchitidwe wotere umatumiza kwa mtsikana wamantha: kuti amene achotse pathupi mobisa akhalabe m'kwaya ndi m'kabuku, ndipo amene asunge mwana wake ndiye achotsedwe. Ife amene timaguba ndi zikwangwani zoteteza moyo sitingakwanitse kutumiza uthenga umenewo.

Nkhani ya msungichuma ndiyo yativuta kwambiri, ndipo sitinamalize kukangana. Ndalama zinali za ana a anthu osauka amene anagulitsa mandasi kuti apite nawo pa ulendo. Ena a iwo mpaka lero akamva dzina lake amasintha nkhope, ndipo ali ndi chifukwa. Maganizo athu ndi akuti dzina lilembedwe, ndi zaka zake, popanda mawu oyamikira ndiponso popanda mlandu. Anali msungichuma, chimenecho n'choona. Kulemba zolakwa zake m'kabuku kofalitsidwa kungakhale kuulula zoipa za mnzathu kwa anthu amene sakuzidziwa popanda chifukwa chokwanira, tchimo limene Katekisimu imalitchula pa ndime 2477. Za ndalamazo malo ake ndi pamaso pa iyeyo, anthu awiri kapena atatu atapita kukamuona, zimene, kunena zoona, gulu lathu silinachitepo. Tinangosiya kumupatsa moni.

Ndipo tisaiwale kuti mbiri ya munthu wamoyo siinathe kulembedwa. Yohane Marko anathawa pakati pa ulendo woyamba wa Paulo ndi Barnabasi n'kubwerera ku Yerusalemu. Pa ulendo wachiwiri Paulo anakanitsitsa kumutenga, mpaka atumwi awiriwo anasiyana njira chifukwa cha iye. Luka Woyera analemba zonsezi m'buku la Ntchito za Atumwi, mitu 13 ndi 15, osabisa kuthawako ngakhale mkanganowo. Koma m'kalata yachiwiri kwa Timoteo timapeza Paulo ali m'ndende akupempha kuti amubweretsere Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Komiti yonga yathu ikanakhala pansi chaka cha mkangano chija, ikanalemba dzina la Silasi lokha n'kutseka buku.

Za Sonia, nkhani yake inakhota mosayembekezeka. Kakaseti ka gemu yonyozeka ija lero kamagulidwa modula pakati pa osonkhanitsa zinthu zakale. Mu 2021 panapezeka chimbale choyeserera cha Resurrection, ndipo anthu anaona Sonia akuyenda m'gemu imene siinatuluke. Mu Okotobala 2023 Legends inaikidwa pa Nintendo Switch Online, ndi mmene ifenso tinaisewerera. Mu 2024 okonza gemu ina, Vampire Survivors, atagwirizana ndi Konami kuti alowetsemo a m'banja la Belmont, Sonia anali pakati pawo, m'gulu limodzi ndi Leon amene anamulanda mpando. Gemu yake siinakome chifukwa cha zimenezi. Mileme ndi yomwe ija, njira ndi zazitali chomwecho.

Komiti ikumananso Loweruka likudzali ikatha praktisi ya kwaya, ndipo khomo ndi lotsegula kwa aliyense, makolo omwe. Tisanakumane, awiri mwa ife tipita kwa mlongo wathu uja ndi kwa enawo kukawafunsa ngati akufuna kuti mayina ndi zithunzi zawo zilowe, chifukwa mwina ena sangafune, ndipo tikatero tidzalemba udindo ndi zaka n'kusiya mzere wa dzina wopanda kanthu, osaikapo wina. Amene muli ndi zithunzi za kwaya za zaka zimenezo mubwere nazo. Tikufunanso zija zimene zinadulidwa ndi sizasi m'mbali, ndipo ngati kachidutswa kake munakasunga penapake, mukafunefune.